Kukaona Japan Koyamba: Mizinda Inayi Ikwanira

Aliyense amene adakwerapo chapa pa msewu wa Ulongwe kupita ku Tete adazionapo zilembo zija zimakhala pa chitseko kapena pa galasi la kumbuyo, zilembo zangati mapazi a nkhuku pa dothi lonyowa. Chimenecho ndi Chijapani. Galimoto zambiri zimene zimatinyamula, ma Toyota Hiace ndi ma Mitsubishi Canter onyamula kachewere, zidayamba zagwira ntchito kwawo ku Japan zisanakwere sitima ya pamadzi kubwera kuno. Dzina la dzikolo timalitchula tsiku ndi tsiku, koma amene adalipondapo pakati pathu ndi owerengeka.

Mwezi wathawu adatipeza bambo wina wa ku Angónia, wogulitsa kachewere ndi nyemba. Iye ndi mayi a kunyumba akhala akusunga ndalama zaka zisanu ndi chimodzi, zina m'banki, zina ku xitique, ndi cholinga choti akalione dziko limene galimoto yawo idachokera. Onse awiri sadakwerepo ndege. M'manja adali ndi pepala limene mwana wawo wa ku sekondale adawalembera: mizinda khumi ndi umodzi, masiku khumi. Tidakhala nawo pansi masana onse, ndipo zimene tidakambirana taona kuti n'zothandiza kwa awerengi ena amene ali ndi maganizo otere.

Mawu oyamba amene tidawauza ndi akuti pepalalo achotsepo mizinda isanu ndi iwiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Munthu wogona mzinda wina usiku uliwonse sabwerako ataona Japan ayi. Amabwerako ataona masiteshoni ndi zikwama zake.

Dziko lake ndi lotani

Japan ndi zisumbu, ndipo zikuluzikulu zilipo zinayi: Honshu, Hokkaido, Kyushu ndi Shikoku. Kukula kwake sikufika theka la Mozambique, koma muli anthu oposa 120 miliyoni, ndipo popeza mbali yaikulu ndi mapiri, anthuwo adaunjikana m'zigwa za m'mphepete mwa nyanja. Mzinda wa Tokyo pamodzi ndi mizinda yolumikizana nawo muli anthu pafupifupi 37 miliyoni, chiwerengero cholingana ndi cha anthu onse a dziko lathu kuyambira ku Rovuma mpaka ku Maputo. Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola 7: ife tikamadya nsima ya masana, iwo kwada kale. Chimodzi chokha sichidzakuzunguzani: galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu ngati kuno.

Mizinda imene mlendo woyamba afunika kuona ili pa mzere umodzi wa njanji, kuchokera ku Tokyo kulowera kumadzulo. Ife tidasankha Tokyo, Kyoto, Hiroshima ndi Nagasaki, pa masiku khumi ndi awiri.

Mapepala ayambe, tikiti pambuyo

Nzika ya Mozambique siingalowe m'Japan popanda viza, ndipo viza imapemphedwa ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Maputo. Kwa ife a kuno kumpoto umenewo ndi ulendo pawokha, wodya ndalama ndi masiku, choncho uwerengeredwe pa mtengo wa ulendo wonse. Konzani pasipoti ku Migração miyezi ingapo nthawi isanakwane. A kwa kazembe amafuna kuona chithunzi chanu, kalata ya ku banki yosonyeza kuti mudzadzidyetsa nokha, umboni wa ntchito kapena bizinesi yanu, ndi ndondomeko ya ulendo yonena komwe mudzagone tsiku lililonse. Apa ndiye pamene pepala la mizinda yochepa limathandizanso, pakuti ndi losavuta kulilemba ndi kulifotokoza. Musalipire tikiti ya ndege yosabwezeka ndalama viza isanatuluke.

Palibe ndege yochoka kuno kukatera ku Japan mwachindunji. Ambiri amasinthira ku Addis Ababa kapena ku Doha. A ku Angónia ndi Tsangano ayerekezenso mtengo wonyamukira ku Lilongwe, kudzera pa chipata cha Calómuè ndi Dedza, chifukwa ndi pafupi kuposa Maputo. Mulimonse, yembekezani kukhala pa njira usana ndi usiku, ndipo tsiku loyamba kufika thupi limakana ntchito: tulo timabwera masana, usiku maso ali gwa. Tsiku limenelo musalipatse zochita zambiri.

M'chikwama musaikemo nyama yowamba, soseji kapena zipatso. Pa bwalo la ndege amalanda ndipo chilango chake ndi chachikulu. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku atenge kalata ya dokotala, chifukwa malamulo awo pa mankhwala ndi okhwima. Magetsi awo ndi a mphamvu ya 100 pamene athu ndi a 220, ndipo mapulagi awo ndi a mano awiri aphanthiphanthi, motero mudzafuna kolumikizira kuti foni idye moto. Mukalowa m'dzikomo pasipoti iziyenda nanu nthawi zonse, pakuti lamulo limatero kwa mlendo aliyense.

Mwezi woyendera

Nyengo zawo n'zotembenuka poyerekeza ndi zathu. Disembala mpaka Febuluwale, ife tili m'dzinja la mvula, iwo ali m'chisanu choposa cha Juni wa ku Tsangano. Juni ndi chiyambi cha Julayi ndi mvula. Julayi ndi Ogasiti kumatentha ngati ku Tete, kuwonjezapo chinyezi chomata malaya pathupi, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka Seputembala kumabwera anamondwe amene amaimitsa ndege ndi sitima.

Nyengo zokoma ndi ziwiri. Kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo mitengo ya sakura imachita maluwa, ndipo mabanja amayala mikeka pansi pake kudya ndi kumwa. Maluwawo sakhalitsa, sabata imodzi kapena ziwiri athothoka, ndipo mahotela amakwera mtengo. Mu Novembala masamba a mitengo amasanduka ofiira ndi achikasu, kunja kuli kouma ndi kozizira bwino. Kwa mlimi Novembala ndi mwezi wovuta kuchoka pakhomo, n'chifukwa chake bambo aja adasankha pakati pa Meyi. Adachita bwino, bola apewe sabata yoyambira pa 29 Epulo kufika pa 5 Meyi, imene amaitcha Golden Week, pamene dziko lonse lili pa tchuthi ndipo malo m'sitima ndi m'mahotela amasowa. Pakati pa Ogasiti, nthawi ya Obon, anthu amapita kumidzi kwawo kukakumbukira makolo amene adamwalira, ndipo kudzaza kwake n'komweko. Dziwaninso kuti simudzakhala nokha: m'chaka cha 2024 alendo pafupifupi 37 miliyoni adalowa m'Japan.

Tokyo, masiku anayi

Yambani ndi malo aulere. Ku Shinjuku kuli nyumba ya boma la mzinda, ndipo pa nsanjika ya 45 pali poonera posalipiritsa. Muli pamenepo mudzaona nyumba mpaka pothera maso, ndipo kukacha bwino phiri la Fuji limaoneka chapatali. Siteshoni ya Shinjuku imalandira anthu pafupifupi mamiliyoni atatu pa tsiku ndipo ili ndi makomo ambirimbiri. Kusochera pamenepo si manyazi. Eni ake omwe amasochera. Musakwere sitima za mumzinda m'mawa pakati pa 7 ndi 9 koloko muli ndi zikwama.

Ku Asakusa kuli Senso-ji, kachisi wa Chibuda wakale kuposa onse mu Tokyo, ndipo njira yopita kumeneko ndi msika wa timakeke ndi timphatso. Ku Shibuya kuli mphambano imene magetsi akalola anthu amawoloka kuchokera mbali zonse nthawi imodzi popanda kugundana. Ku Ginza kuli Kabuki-za, nyumba ya zisudzo za kabuki, momwe amuna okhaokha ndiwo amasewera, mbali za akazi zomwe. Sewero lathunthu limatenga maola ambiri, koma amagulitsanso tikiti ya chigawo chimodzi pa mtengo wotsika. Chilankhulo simudzachimva, koma munthu wokulira pa bwalo la gule sadzavutika kuzindikira kuti kaimidwe, kapondedwe ndi utoto wa kumaso zili ndi tanthauzo. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO lidalemekeza kabuki pa mndandanda umodzi ndi Gule Wamkulu ndi timbila ya Achopi.

Sitima ndi masamu ake

Kuchoka ku Tokyo kupita ku Kyoto ndi makilomita pafupifupi 500, ndipo sitima ya Shinkansen imatha mtundawo pa maola awiri ndi mphindi 15. Njanji imeneyi idatsegulidwa mu 1964, ndipo sitima zake zimathamanga mpaka makilomita 285 pa ola. Ikalembedwa kuti inyamuka 9:03, ndiye kuti 9:03. Palibe kudikira kuti idzaze. Pemphani mpando wa kudzanja lamanja kuti muone Fuji, phiri lotalika mamita 3,776. Binga, phiri lalitali kuposa onse kwathu, ndi mamita 2,436.

Alendo ambiri amathamangira kugula Japan Rail Pass, tikiti yoyendera sitima za kampani ya JR mopanda malire. Kale idali yotchipa, koma mu Okutobala 2023 mtengo wa masiku 7 udakwera kufika ma yen 50,000. Mu 2025 ma yen 100 ankasinthidwa ndi mametikali pakati pa 40 ndi 46, choncho ndi ndalama zoposa mametikali 20,000 munthu mmodzi. Tengani pensulo. Tokyo mpaka Kyoto ndi ma yen pafupifupi 14,000, ndipo mukaphatikiza Kyoto mpaka Hiroshima ndi Hiroshima mpaka Nagasaki, zonse zimangopitirira pang'ono 40,000. Ngati mudzabwerere ku Tokyo pa ndege, matikiti ogula imodzi imodzi ndiwo otchipa. Ngati mudzabwerere pa sitima masiku 7 asanathe, pasi ija ikupindulirani. Za m'mizinda gulani kakhadi ka Suica kapena ICOCA, muikemo ndalama, muzingokhudzitsa pa chipata. Kamagwira m'sitima, m'mabasi ndi m'masitolo ambiri.

Kyoto, kumene mbiri yathu imatulukira

Kyoto lidali likulu la mfumu kuyambira chaka cha 794 kwa zaka zoposa chikwi, ndipo akachisi ake simungawamalize ngakhale mutakhala mwezi. Awiri pa tsiku akwana. Fushimi Inari ndi malo a chipembedzo cha Shinto operekedwa kwa mzimu wa mpunga ndi zokolola, ndipo njira yokwera phiri imadutsa pansi pa zipata zofiira zikwizikwi zimene amalonda adapereka popempha mwayi. Pitani m'mamawa dzuwa lisanakwere, gulu lisanafike. Kinkaku-ji ndi nyumba yokutidwa ndi golide m'mbali mwa dziwe. Imene mudzaone idamangidwanso mu 1955 itatenthedwa mu 1950. Tsiku limodzi lipite ku Nara, ulendo wosakwana ola. Ku kachisi wa Todai-ji kuli chifanizo cha Buddha cha mkuwa chotalika mamita 15, chimene chidatsegulidwa mu 752, ndipo panja pake agwape oposa chikwi amayenda pakati pa anthu popanda wowaponya mwala. Bambo aja atamva izi adaseka, nati kwawo sakadatha sabata.

Koma pali kachisi wina pakati pa mzinda amene alendo ambiri amamudutsa, Honno-ji. Mu 1579 wansembe wa Chijezuiti Alessandro Valignano adafika ku Japan ali ndi mnyamata wa ku Africa. Mu 1581 adapita naye ku Kyoto, ndipo anthu adakhamukira kudzamuona. Oda Nobunaga, mtsogoleri wankhondo wamphamvu kuposa onse nthawi imeneyo, sadakhulupirire kuti khungulo ndi lachibadwa, nalamula kuti amsambitse. Ataona kuti silisuluka adamtenga kukhala mmodzi wa anthu ake, ndipo amadziwika ndi dzina lakuti Yasuke. Mu Juni 1582 Nobunaga adaukiridwa ndi kazembe wake yemwe ku Honno-ji nafera momwemo. Yasuke adamenya nawo nkhondo tsiku limenelo, kenaka adaperekedwa kwa ansembe, ndipo mabuku amathera pomwepo. Buku lina lolembedwa ku France mu 1627 limati iye adali wa ku Mozambique. Kachisi wa lero sali pa malo enieni a nkhondoyo, adasamutsidwa patapita zaka zochepa, komabe munthu wa kwathu ayenera kuimapo kanthawi.

Hiroshima ndi Nagasaki

Kuchoka ku Kyoto kufika ku Hiroshima sipatha maola awiri. Pa 6 Ogasiti 1945, nthawi ili 8:15 m'mawa, ndege ya America idaponya bomba la atomiki pa mzindawu, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho anthu pafupifupi 140,000 adali atafa. Chigoba cha nyumba imodzi imene idatsala chiimire chidasungidwa monga chidalili. Nyumba yosungira zotsala za tsikulo ili ndi zovala za ana a sukulu ndi mawotchi oima pa ola lomwelo. Ife amene tidaona nkhondo ya zaka 16, ena nathawira ku Malawi ndi mitolo pamutu, sitifunika wotitanthauzira. Musaike zosangalatsa zina masana a tsiku limenelo, mtima sudzalola. Mawa lake mungawoloke pa boti kupita ku chisumbu cha Miyajima, kumene chipata chofiira chimaima m'madzi nyanja ikadzaza.

Alendo ambiri amathera pano n'kubwerera, koma ife tikuti pitirirani mpaka ku Nagasaki, pa chisumbu cha Kyushu. Apwitikizi adafika ku Japan mu 1543, ndipo kuyambira 1571 zombo zawo zinkakocheza ku Nagasaki. Zombo zochoka ku Lisbon kupita kum'mawa zinkapumira pa Ilha de Moçambique. Francisco Xavier adakhala miyezi ingapo pa Ilha mu 1541 asanakafike ku Japan mu 1549, ndipo anyamata anayi a Chijapani amene adatumidwa kwa Papa adakhalanso pomwepo mu 1586 pobwerera kwawo. Pa zithunzi zakale zotchedwa nanban mudzaona Apwitikizi akutsika m'zombo, ndipo pakati pa onyamula katundu ndi maambulera pali anthu akuda.

Ubwenziwo udatha moipa. Pa 5 Febuluwale 1597 Akhristu 26 adapachikidwa pa phiri la Nishizaka, pafupi ndi pamene pali siteshoni lero. Mu 1639 Apwitikizi adathamangitsidwa, ndipo kachisumbu ka Dejima, kamene adawamangira, kadapatsidwa kwa amalonda a ku Holland. Akhristu otsala adapemphera mobisa zaka zoposa 200 popanda wansembe, mpaka mu 1865 pamene ena adadziulula m'tchalitchi cha Oura, chimene chilipobe. Bomba lachiwiri, la pa 9 Ogasiti 1945, lidaphulikira ku Urakami, dera limene ambiri mwa zidzukulu zawo ankakhala.

Chipwitikizi chidasiya mapazi ake m'Chijapani. Buledi amati pan, kapu ya galasi amati koppu, batani amati botan, ndipo keke yotchuka ya ku Nagasaki ndi kasutera, kuchokera ku dzina la Castela. Koma musanamizidwe kuti arigato adachokera ku obrigado. Ndi mawu awoawo akale. Musadalire Chipwitikizi poyenda, ngakhale kuti m'dzikomo muli anthu a ku Brazil oposa 200,000. Chingerezi chili pa zikwangwani za masiteshoni, koma pakamwa pa anthu n'chochepa. Mwayi wathu ndi wakuti mawu awo amatchulika ngati athu, a e i o u. Sumimasen ndiye zikomo wa popempha njira kapena kupepesa, arigato ndiye zikomo wa pothokoza. Safunsa adadya phula: onetsani dzina la kumene mukupita pa pepala, ndipo wa pa siteshoni kapena wapolisi wa pa kanyumba kotchedwa koban adzakulozerani.

Kudya, kugona ndi ulemu wa kwa eni

Nsima kulibe, ndipo ndi bwino kuvomereza izi musananyamuke. Mpunga ndiwo ulipo tsiku lililonse, ndi nsomba, nkhumba, nkhuku ndi masamba. Sikuti zonse ndi nsomba yaiwisi. Mbale ya ramen, msuzi wotentha wa nyama wokhala ndi zingwe za ufa wa tirigu, ndi ma yen 1,000 kapena kuzungulira pamenepo. M'timasitolo ta 7-Eleven, Lawson ndi FamilyMart, tambiri mwa ito totsegula usiku wonse, mumapezeka onigiri, mpunga woumba ngati mbamu wokhala ndi ndiwo m'kati. Madzi a pa mpope ndi abwino kumwa. Metikali sasinthika kumeneko. Tengani madola kapena khadi la banki, limene limagwira pa makina a mu 7-Eleven ndi a ku positi, ndipo uzani banki yanu musananyamuke kuti ingalitseke. Gulaninso inshuwalansi ya pa ulendo, chifukwa chipatala chimalipiritsa mlendo mtengo wonse.

Mahotela otchipa ali pafupi ndi masiteshoni. Zipinda ndi zazing'ono koma zaukhondo. Usiku umodzi, thumba likalola, mukagone ku ryokan, nyumba ya alendo ya chikale, kumene amayala matiresi pansi pa mikeka ya tatami. Nsapato zimatsala pakhomo, m'nyumba za anthu, m'ma ryokan ndi m'akachisi ambiri, choncho masokosi akhale osang'ambika. Ku malo osambira a madzi otentha amuna ndi akazi amasamba kosiyana, ndipo munthu amayamba wadzitsuka ndi sopo asanalowe m'dziwe.

Zina ndi zazing'ono koma eni ake amaziona. M'sitima salankhula pa foni ndipo macheza ndi a pansipansi, zimene kwa ife okonda kuseka mokweza ndi mayeso ndithu. Moni ndi kuwerama pang'ono, osati kugwirana chanza. Timitengo todyera sazika chiimire mu mpunga, chifukwa amatero pa maliro. Wogwira ntchito m'lesitilanti sapatsidwa ya pamwamba. Mukasiya ndalama pa tebulo adzakuthamangirani nazo. Pa sitolo palibe kunenerera mtengo. Nkhokwe za zinyalala m'misewu ndi zosowa, aliyense amanyamula zake mpaka kunyumba. Nthaka ikagwedezeka, pakuti zivomezi ndi zachizolowezi, tetezani mutu ndipo chitani zimene eni ake akuchita. Nambala ya apolisi ndi 110, ya ambulansi ndi 119.

Pamene tinkasiyana, pepala la bambo aja lidali ndi mizere isanu ndi iwiri yofufuta. Mayi adalimbikira kuti Osaka asachoke chifukwa adamva kuti ndiko kuli zakudya zokoma, ndipo popeza ndi theka la ola kuchokera ku Kyoto, tidagwirizana kuti akadyeko chakudya cha madzulo tsiku limodzi n'kubwerera kukagona. Funso la fakitale ya galimoto yawo lidatsala: nyumba yoonetsera mbiri ya Toyota ili ku Nagoya, pa njanji yomweyo pakati pa Tokyo ndi Kyoto, ndipo angatsike m'mawa, kusiya zikwama m'mabokosi okhoma a pa siteshoni, n'kupitiriza madzulo. Lolemba likubwerali akupita ku Tete kukayamba za mapasipoti.